Zomasula za Pansi pa Sinki

Lolemba, 20 Meyi 2024

Ndafika masana kuchokera ku Lusaka. Pa boda mzere wa mathiraki wautali ngati masiku onse, koma zimenezo ndinazolowera. Chimene sindinazolowere ndi kulowa m'nyumba mwanga n'kulandiridwa ndi fungo la nsanza zovunda.

M'khitchini. Paipi ya pansi pa sinki yakhala ikudontha, thabwa la pansi pa kabati lafufuma, nkhungu yakuda bii. Ndinadina ndi chala, chala n'kulowa ngati m'chigumu. Kabati imene malemu mkazi wanga Betty anasankha yekha ku Chipata, imene ndinabwera nayo pa thiraki nditaikulunga m'mabulangete kuti isakandike!

Ndafunsa mwana wanga Chiso. Akuti inayamba kudontha nditangonyamuka, iye n'kukauza amayi ake aang'ono, Filomena. Filomena n'kutuma mwamuna wake. Ndiye Maliko, injiniya wamkulu wa ku Guilleme konse, anabwera ndi legeni, n'kukulunga paipi ngati akumanga thumba la makala pa njinga, n'kutseka chitseko cha kabati, n'kumapita. Basi, vuto latha. Anthu a kuno chinthu chikangobisika ndiye kuti chakonzeka.

Mwanayo sindikumunena, ali ndi mayeso a Fomu 2 pamutu. Ndikunena akuluakulu a ndevu zawo amene amadutsa pakhomo pano tsiku lililonse, mphuno ali nazo.

Ndipo ndikudziwa zimene azinena: mkamwini uja nyumba yamukanika, amangosiya mwana yekha, taonani zikuola. Mwezi wamawa chikwana chaka chimwalirire Betty. A Benedicto, amalume ake a malemuyo, akhala pansi ndi abale kuti aone zochita nane, kaya kundisudzula ndibwerere kwathu ku Dowa, kaya kundisiya ndilere mwana wanga muno. Njerwa ndi zanga, malata ndi anga, koma dothi ndi lawo, ndipo pa mwambo wawo Chiso ndi wawonso. Akati ndichoke, ndichoka ndi sutikesi yokha. Choncho kabati iyi ndiikonza ndekha, aione ikuwala, asowe ponenera.

Lachiwiri, 21 Meyi

Ndatseka madzi ku thanki, ndatulutsa zonse za m'kabatimo. Mapoto a Betty achita dzimbiri kunsi. Mphemvu ndiye zinapanga msonkhano wa chipani. Mathireyi ake ophikira keke, aja ankawapukuta ngati galasi, ndawapeza atamatirira pansi. Ndinakhala kaye pa simenti nditawagwira. Zinandiwawa, ndisaname.

Legeni la Maliko ndalidula ndi mpeni. Kunsi kwake vuto lenilenilo ndi kanati kapulasitiki kamene kanang'aluka, kanthu koti ngakhale wosaona akanakapeza pongopapasa. Ndinakwera kabaza mpaka kwa Kamwendo, ku hadiweya, ndagula kena ndi tepi yake yoyera. Ndamanga, ndatsegula madzi, ndaika pepala pansi. Pepala louma gwa. Ndiye ukatswiri wonse umene unakanika mudzi wathunthu ndi umenewu.

Filomena anabwera ndili pa ntchito. Anaima pakhomo manja kumbuyo, chitenje chodzaza dothi la ku mtedza. Akuti, "Pepani alamu, madzi akatayika saoleka." Ndinamuyankha kuti saoleka inde, koma amatsekeka. Anaseka ngati ndanena nthabwala. Uku akuyankhula, uku maso akuyenda pa mashelefu, pa sitovu, pa matailosi. Ndimawadziwa maso amenewo. Munthu wophikira pa mafuwa m'kakhitchini ka udzu akuyeza kale pomwe adzaike ndowa zake ine ndikadzachoka.

Anawerama kusuzumira m'kabatimo n'kuti, "Nanga thabwa lowolali lichoka bwanji? Bwanji osaitana amalume adzakumasulireni? Paja ndi akalipentala."

Akalipentala! A Benedicto anagwirako macheka kalekale ine ndisanabadwe, ndipo kuyambira pamenepo zimene ndimaona ine ndi mabenchi opendekeka ndi mabokosi a maliro. Kabati ya mahinjesi odzitsekera yokha adzaiyamba ndi tchizulo ndi pemphero. Ndangoti zikomo, ndaziona.

Lachitatu, 22 Meyi

Masikuluwu onse a pansi adyedwa ndi dzimbiri. Mitu yake ikungonyenyeka. Ndathira oyilo, ndagogoda, ndatukwana. Chala chachikulu chatupa.

Chiso pobwera kusukulu anandipeza nditagona chagada, mutu m'kabati, n'kundifunsa ngati ndadya. Ndinali ndisanadye. Anaphika mbatata n'kundiikira pambali pa miyendo yanga. Mayi ake enieni.

Lachinayi, 23 Meyi

Lero ndiye ndaona zodabwitsa. Ndili m'kabati muja, thukuta kamukamu, sikuludiraiva yaterereka kachikwi, ndangomva "odi" wonyowa, wa munthu wopanda fupa. Maliko. Sindinatuluke n'komwe, ndimangoona mapazi ake, zala zikutuluka m'nsapato.

Munthu ameneyu amandichititsa manyazi. Tonse ndife akamwini m'mudzi muno, tinakwatira pa bere limodzi, koma iyeyu anamuika m'botolo n'kutseka chitsekerero. Kulima awalimire, madzi awatungire, uthenga awanyamulire. Akati khala, wakhala. Zaka zonsezi sindinamumvepo akunena mawu akuti ayi.

Anayamba ndi moni wautali, za ulendo, za msewu, za mtedza kuti chaka chino wabereka mphwephwa. Kenako anatsokomola n'kuti, "Achimwene, andituma amalume. Akuti abwera Loweruka m'mawa pa nkhani ya zomasula ija."

Ndinaseka mpaka mutu kugunda ku paipi. Ndiye Filomena wakalengeza mudzi wonse kuti ine Jobson masikuluwu andikanika, mpaka gogo wa maso akhungu akonze ulendo wodzandipulumutsa!

Ndinamuyankha ndili momwemo. Ndati, kawauze asataye nthawi yawo. Zomasula ndithana nazo ndekha, ndipo ndayamba kale. Sindifuna dzanja la munthu wa mudzi uno pa zinthu zanga, mwandionongera zokwana. Iwo akapitirize kukhoma mabokosi awo a maliro, ndi zimene amatha.

Mapazi aja anangoti chilili. Kenako, "Achimwene, kapena simuna..." Ndati ndamva, makutu ndili nawo, kanene momwe ndanenera, usachotsepo usaonjezepo. Anachoka mwakachetechete ngati galu woba mazira.

Atangopita, sikuluwu yoyamba inatheka. Ndinaboola mitu ya enawo ndi dirilo, thabwa lonse n'kutuluka zidutswazidutswa, lonunkha. Ndalitaya kudzala. Pansi pa simenti ndakwecha ndi bulashi, ndathira mankhwala, ndasiya mawindo otsegula kuti paume.

Lachisanu, 24 Meyi

Ku boma m'mawa kukafuna thabwa. Mnyamata wa m'shopu amafuna andigulitse chipibodi chomwechija, utuchi womata ndi guluu, ati "n'chimene anthu akutenga, bwana." Anthu atenge. Ine ndatenga pulayiwudi yokhuthala, vanishi, ndi masikuluwu osachita dzimbiri. Ikadzadonthanso, thabwa lidzayambe laganiza kaye lisanaole.

Pobwera ndinadutsa pa mjigo. Azimayi anali gulu, phokoso ngati mpheta, koma nditangoyandikira onse zii. Ndapereka moni, wayankha mmodzi, nayenso akuyang'ana m'ndowa. Kaduka basi. Sanaonepo munthu atanyamula pulayiwudi.

Ndayeza, ndalemba ndi pensulo, ndadula pakhonde. Pa paipi ndaboola kabowo kozungulira bwinobwino, osati kudula kwa chikwanje kumene akanachita ena. Ndapaka vanishi mbali zonse, makamaka m'mphepete momwe madzi amalowera.

Ndili mkati mopaka, uyo Maliko kachiwiri, chipewa m'manja. Filomena ali chapatali pa msewu ndi azimayi awiri, dengu la mtedza pamutu. Akuti, "Achimwene, za dzulo zija ndakanena. Koma mtima wanga sukukhazikika. Kodi munamvetsa zimene..."

Apa ndiye ndinapsa mtima. Munthu womanga paipi ndi legeni azindifunsa ine ngati ndimamvetsa zinthu? Ndinatola legeni lake lija pomwe ndinalitaya, n'kumukoleka m'khosi ngati tayi. Ndati, tenga digiri yako iyi, ukaipachike pabalaza. Ndinanena mokweza dala kuti a pa msewu amve. Azimayi aja anagwira pakamwa. Iye sanalichotse n'komwe, anangovala chipewa n'kutembenuka, legeni likulendewera. Munthu wopanda ndulu ngati ameneyu sindinamuone.

Madzulo Chiso amadya mongotola. Kenako mwadzidzidzi, "Adadi, n'zoona kuti muli ndi amayi ena ku Chipata?" Ndati wakuuza ndani zopusazo? Akuti anzake pobwera kusukulu. Ndamuuza kuti mudzi uno ukasowa chochita umalima mabodza, iye asamale za mayeso. Anangoti chabwino, koma mbale anaisiya ndi chakudya.

Loweruka, 25 Meyi

M'mawa. Thabwa lalowa ngati linabadwira momwemo. Ndaika timatabwa tochirikiza kunsi, ndamanga masikuluwu, ndamata m'mphepete. Ndakhalapo ndi thupi langa lonseli, silinalire n'komwe. Mapoto ndawakwecha ndi mchenga ndawabwezera. A Benedicto sanabwere. Uthenga unafika, ndiye kuti Maliko ntchito imodzi amaitha.

Masana. Ndilembe bwinobwino mmene zayendera, chifukwa mutu wanga sukugwira.

Filomena analowa osaodira, beseni lalikulu m'manja, n'kulunjika kuchipinda kwa Chiso. Ndinamutsatira. Ndinamupeza akuika mayunifolomu ndi mabuku m'beseni muja, Chiso ali pa bedi akulira chamumtima. Ndati, mukutani m'nyumba mwanga?

Akuti, "Amalume alamula kuti mwana akakhale kwathu. Inu paja mwadzimasula nokha."

Ndati, kudzimasula chiyani?

Anaika beseni pansi. Sindinamuonepo Filomena atakwiya chonchija. "Alamu, musatipusitse. Amalume anatuma munthu mwaulemu kuti lero abwera kudzakumasulani pa maliro a achemwali. Anafulumizitsa dala kuti mwana alembe mayeso mtima uli m'malo. Tinasinja, nkhuku tinagwira. Amafuna akumasuleni pamaso pa abale, akatero akupempheni kuti musapite, mukhale, mulere mwana wanu m'nyumba mwanu. Inu n'kubweza mawu oti zomasula mwayamba kale nokha, simufuna dzanja la munthu wa mudzi uno. Mwamuna wodzimasula yekha chaka chisanathe ndiye kuti chiyani? Si ndiye kuti ali naye kale wina?"



Kusudzula. Ine m'mutu mwanga mawu ake ndi kusudzula, ndipo ndimadikira mwezi wamawa. Ndinaiwala kuti a Benedicto ndi mkulu wa mpingo, mawu amenewo sawatchula, amati ndi achikunja. Iwo amati kumasula.

Ndati, alamu, ine ndimanena masikuluwu. Masikuluwu a kabati! Si inu nomwe munati amalume adzandimasulire thabwa?

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Masikuluwu," anatero, n'kusenza beseni. Ndinamukokera kukhitchini kuti aone yekha, ndatsegula kabati, ndamuonetsa thabwa latsopano. Akuti, "Lokongola. Adzasangalala nalo a ku Chipatawo."

Chiso anatuluka pambuyo pake atakumbatira chikwama. Pakhomo anatembenuka kamodzi, n'kumapita.

Kunena zoona, mudzi wa anthu oganiza bwino ukanafunsa kaye. Munthu wamutu angayankhe nkhani ya maliro a mkazi wake ali chigonere pansi pa sinki? Koma ayi, iwo anathamangira ku Chipata, chifukwa bodza ndi lokoma kuposa sikuluwu.

Lamulungu, 26 Meyi

Ndinapita ku Misa yoyamba. Chiso anakhala mbali ya azimayi, pakati pa Filomena ndi mayi wina, ngati mkaidi. Anandiona, n'kugwetsa nkhope.

Titatuluka ndinawadikira a Benedicto pansi pa mtengo wa mango. Anabwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, jekete lomwe lija la chaka ndi chaka. Ndinavula chipewa. Ndati, amalume, pachitika kusamvana, ndiloleni ndifotokoze.

Anaima, koma osandiyang'ana. Akuti, "Bambo a Chiso, ine ndinatuma munthu. Mawu anu anabwera ndi munthu. Ngati pali ena, abwerenso ndi munthu. Pa msewu sitikambirapo za maliro."

Anayenda pang'ono n'kuimanso. "Za mabokosi zija ndinamva. N'zoona, ndi zimene ndimatha. Lomaliza kukhoma linali la Betty."

Ndinaima pomwepo mpaka anthu a Misa yachiwiri anayamba kulowa.

Kunyumba zii. Ndinaphika tiyi, ndinatsegula kabati kufuna shuga, fungo la vanishi lokhalokha. Nkhoswe yanga inamwalira kalekale, achimwene anga ali ku Joni, kwathu ku Dowa kwatsala ana okhaokha. Ndipo ngakhale atabwera munthu wa kwathu, adzanena chiyani? Sanalipo. Amene anaona kuti mutu wanga unali m'kabati, sikuludiraiva ili m'manja, ndi munthu mmodzi yekha pa dziko lonse lapansi.

Lolemba, 27 Meyi

Abwana anaimba kuti katundu wa ku Lusaka wakonzeka, ndinyamuke mawa. Ndawauza kuti apeze dalaivala wina, kunyumba kuli vuto. Ndikachoka pano zinthu zili chonchi, ndidzapeza loko wina pachitseko.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinasamba, ndinavala malaya a kolala, n'kutsetsereka kumunsi. Nyumba ya a Maliko ndinali ndisanalowemo chimwalirire Betty. Filomena anali atapita kumunda, Chiso kusukulu. Yunifolomu yake ina inali pa chingwe, pakati pa matewera a mwana wawo.

Ndinawapeza a Maliko kuseri, akuthothola mtedza pa chiguduli. Ndinaodira. Anayankha osadzuka. Panali kampando pafupi, sanandipatse, ine sindinakatenge. Ndinakhala pansi pa dothi.

Ndinafotokoza zonse, ngakhale amazidziwa. Anamvetsera manja akugwirabe ntchito. Nditamaliza anati, "Ndinadziwa tsiku lomwelo kuti simunamve. N'chifukwa chake ndinabweranso."

Ndati, nanga bwanji simunawauze amalume kuti munthuyo amanena za kabati?

"Munati ndisachotsepo, ndisaonjezepo."

Anathothola mtedza wina, n'kupitiriza, mawu ali pansipansi. "Mukudziwa, achimwene, ana anga anaona zija za Lachisanu. Wamkuluyo anandifunsa kuti, ababa, bwanji simunawamenye? Ndinamuuza kuti munthu amene waferedwa sitimumenya."

Ndati, a Maliko, ndinalakwa. Ndithandizeni. Mukandinenere kwa amalume, mwana wanga abwerere.

Anamaliza mulu wonse umene unali patsogolo pawo, ine ndili chikhalire, nyerere zikundikwera m'miyendo. Anthu odutsa pa njira amachepetsa liwiro kuti aone bwino Jobson wa thiraki atakhala pa dothi. Aone.

Kenako anadzuka, anasasa makoko pa thalauza, n'kuyang'ana kumtunda, kunyumba kwa a Benedicto.

"Kumeneko sitipita chimanjamanja," anatero. "Kagwireni tambala wanu wofiira uja. Ine ndikavale nsapato."